CHAKUDYA CHIKAMAWENGA MPHAKA



Tikamakamba za ziweto, maganizo a ambiri amathamangira ku ng'ombe, mbuzi ndi nkhuku, pakuti izi ndizo zimabweretsa ndalama ndi ndiwo pakhomo. Lero tikambirana za chiweto china chimene mwini wake sachiwerengera pa chuma chake, ngakhale kuti phindu lake limaoneka msanga chikangochoka pakhomo. Chiwetocho ndi mphaka, amene ena amamutcha chona kapena pusi. Makamaka tikamba za vuto limodzi limene limasautsa amphaka ena, ndilo kuwengedwa ndi chakudya, ndiponso za m'mene mwini mphaka angasankhire chakudya chomuyenera.

Mawu akuti kuwenga si achilendo kwa ife. Tonse tinamvapo munthu akukana ndiwo paphwando, nati, "Pepani, nyama imeneyi imandiwenga," ndipo timadziwa kuti akaumirira kudya, thupi lake lichita ziwengo, liyabwa, mwinanso litupa. Chimene ambiri sadziwa ndi chakuti mphakanso amawengedwa chimodzimodzi, ndi kuti chakudya chomuwengacho kawirikawiri chimakhala chimene iye amachikonda koposa, chimenenso wakhala akudya kwa nthawi yaitali.

Amphaka a ku Maramba

Kuti nkhaniyi imveke bwino, tiyeni tipite ku msika wa Maramba mumzinda wa Livingstone, kumwera kwa dziko la Zambia. Msikawu ndiwo waukulu mumzindawo, ndipo uli ndi dzina limodzi ndi mtsinje wa Maramba umene umakathira mu Zambezi kumtunda pang'ono kwa mathithi a Mosi-oa-Tunya. Munthu akalowa mumsikawu amapeza matumba a chimanga, nyemba ndi mtedza, milu ya nsomba zouma, mabeseni a kapenta, ndi mabutchala ogulitsa nyama. Pamalo pamene pasungidwa chakudya chotere makoswe sasowa, ndipo pamene pali makoswe, wamalonda ndi mayi wa pakhomo onse amafuna mphaka.

Chibale chimenechi cha mphaka ndi wosunga dzinthu ndi chakalekale. Mphaka wa pakhomo anachokera ku mtundu wa vumbwe, ndipo akatswiri amati anayandikira midzi ya anthu potsata mbewa zimene zinkadzadza m'nkhokwe za alimi oyambirira. Pa chilumba cha Cyprus panapezeka manda a munthu amene anaikidwa pafupi ndi mphaka zaka pafupifupi 9,500 zapitazo. Chotero mphaka wogona pa thumba la chimanga ku Maramba akugwira ntchito yomwe makolo ake anayamba.

Nanga malipiro ake ndi otani? Mphaka wa pamsika, ngakhalenso wa m'nyumba zozungulira msikawo, amadya zotsala: mitu ya nsomba, zinyenyeswa za kapenta za pansi pa thumba, tizidutswa ta nyama ya ng'ombe ta kubutchala, nsima yogonera yoviika mumsuzi, ndiponso mkaka kapena mabisi, amene kwina timati chambiko. Pa zonsezi kapenta ndiye amatsogola, pakuti sasowa chaka chonse ndipo dzanja limodzi limakwanira. Kansomba kameneka sikanali mu Zambezi kale. Kanatengedwa ku nyanja ya Tanganyika n'kuikidwa m'nyanja ya Kariba m'zaka za 1967 ndi 1968, ndipo kanaswana kwambiri kotero kuti lero kamachoka kumadoko monga Sinazongwe ndi Siavonga n'kufika m'misika ya dziko lonse. Omvera a ku Malawi aike usipa kapena matemba m'malo mwa kapenta, ndipo aona kuti nkhaniyi ndi yawo yomwe.

Kuwengedwa n'kutani?

Azungu amatcha vutoli allergy, mawu amene anayambitsidwa m'chaka cha 1906 ndi Clemens von Pirquet, dokotala wa ana wa mumzinda wa Vienna. Iye anaona kuti thupi likakumana ndi chinthu kachiwiri, nthawi zina limachilandira mosiyana ndi poyamba. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse.

M'thupi la nyama iliyonse muli chitetezo chimene tingachiyerekeze ndi asilikali olondera mudzi. Ntchito yawo ndi kuzindikira tizilombo toyambitsa matenda ndi kutithira nkhondo. Chakudya chimene chimalowa tsiku ndi tsiku amachidziwa kuti ndi mlendo wabwino, ndipo amachilola kudutsa. Koma mwa amphaka ena asilikaliwa amasokonezeka, nayamba kuona mbali ina ya chakudya ngati mdani. Mbali imeneyo pafupifupi nthawi zonse imakhala mapuloteni, ndiwo zomanga thupi zopezeka mu nyama, nsomba, mkaka, mazira ndi mbewu zina. Kuyambira pamenepo, mphaka akangodya chakudyacho nkhondo imabuka, ndipo bwalo la nkhondoyo limakhala khungu kapena matumbo a mphaka yemweyo.

Pali mfundo ziwiri zofunika kuzigwira. Yoyamba ndi yakuti asilikaliwa sangadane ndi chinthu chimene sanakumane nacho. Mwini mphaka akanena kuti, "Sangakhale kapenta, pakuti wakhala akumudya chibadwire," dziwani kuti wapereka chifukwa chenicheni chomukayikirira kapentayo. Vutoli likhoza kuyamba mphaka ali wa miyezi yochepa, likhozanso kuyamba atakalamba. Mfundo yachiwiri ndi yakuti kuwengedwa sikulira chakudya chambiri. Kachidutswa kamodzi n'kokwanira kudzutsa kuyabwa kwa masiku angapo.

Tisiyanitsenso kuwengedwa ndi kulephera kugaya. Amphaka ambiri akakula, matumbo awo satha kugaya shuga wa mumkaka, ndipo akamwa mkaka wambiri amatsegula m'mimba. Kumeneku si kuwengedwa, ndipo kumatha mkaka ukaleka kuperekedwa. Chimodzimodzi nsomba kapena nyama imene yakhalitsa pa kutentha kwa mwezi wa October, kumene anthu a ku Livingstone amakudziwa bwino, ikhoza kusanzitsa mphaka aliyense. Pamenepo cholakwa ndi kuvunda kwa chakudya.

Zakudya zimene zimawenga amphaka kawirikawiri

M'chaka cha 2016 madokotala a ziweto atatu, Ralf Mueller wa ku Munich, Thierry Olivry wa ku North Carolina ndi Pascal Prélaud wa ku France, anasonkhanitsa zimene madokotala anzawo a m'maiko osiyanasiyana analemba za amphaka 78 amene anatsimikizidwa kuti amawengedwa ndi chakudya. Anapeza kuti nyama ya ng'ombe ndiyo inali patsogolo, popeza inawenga amphaka 14, ndipo nsomba inatsatira ndi amphaka 13. Nkhuku inawenga amphaka 4, pamene tirigu, chimanga ndi mkaka chilichonse chinawenga amphaka 3.

Amphaka amenewa sanali a kuno kwathu, koma phunziro lake likutikhudza. Ng'ombe, nsomba ndi nkhuku zili patsogolo chifukwa ndizo zimene amphaka amadyetsedwa kwambiri, osati chifukwa chakuti ndi zakudya zoipa. Tsono taonani mbale ya mphaka wa ku Maramba: muli kapenta, muli nyama ya ng'ombe za m'chigawo cha kumwera kumene Atonga amaweta ng'ombe zambiri, muli mkaka, muli nsima ya chimanga. Zakudya zokayikitsa zili momwemo pafupifupi zonse. Komabe musathamangire kulanda mphaka wanu kapenta usiku uno. Amphaka ochuluka amadya zimenezi moyo wawo wonse osavutika, ndipo mwa amphaka 10 amene amadzikanda mosalekeza, ndi mmodzi kapena awiri okha amene chifukwa chake chimakhala chakudya.

Zizindikiro, ndi matenda ofanana nazo

Chizindikiro chachikulu ndi kuyabwa kosatha, kumene sikusankha dzinja kapena chilimwe. Mphaka amadzikanda kumutu, m'khosi ndi kumakutu mpaka kutulutsa magazi. Mukamusisita mumamva tinkhanambo tating'onoting'ono pansi pa ubweya, tonga njere za mawere. Ena amadzinyambita pamimba ndi m'ntchafu mpaka ubweya kutha, ndipo popeza amachita zimenezi mobisala, mwini wake amangoona dazi osadziwa chimene chachititsa. Ena amatuluka chilonda pa mlomo wa m'mwamba. Enanso amasanza kawirikawiri kapena kutsegula m'mimba, khungu lili bwinobwino kapena lili ndi zilonda.

Vuto ndi lakuti zizindikiro zimenezi si za chakudya chokha. Musanaimbe mlandu mbale, fufuzani zinthu zitatu.

Choyamba ndi nthata. Izi ndizo zimayabwitsa amphaka koposa china chilichonse, makamaka kumalo otentha. Amphaka ena amawengedwa ndi malovu a nthata, kotero kuti kulumidwa kangapo kokha kumawazunza kwa masiku ambiri. Musanene kuti mphaka wanu alibe nthata chifukwa simunazione, pakuti iye amazimeza podzinyambita. Muimikeni pa pepala loyera lonyowa, mupese ubweya wake ndi chipeso cha mano othinana, makamaka pamsana pafupi ndi mchira. Tizitsotso takuda tikagwa n'kusungunuka mofiira, ndiye kuti ndi ndowe za nthata, zimene ndi magazi a mphaka wanu.

Chachiwiri ndi mphere ndi tizilombo ta m'makutu. Mphere za amphaka zimayambira m'mphepete mwa makutu n'kufalikira kumaso ndi m'khosi, malo omwewo amene chakudya chimayabwitsa. Tizilombo take sitioneka ndi maso, koma dokotala wa ziweto amapala pang'ono pakhungu n'kutiona pa makina okuzira zinthu.

Chachitatu ndi chipere. Ichi chimathothola ubweya mozungulira ngati ndalama, ndipo nthawi zambiri sichiyabwa kwambiri. Chenjerani nacho, pakuti chimachoka kwa mphaka n'kugwira ana amene amamunyamula. Kuwengedwa ndi chakudya sikupatsirana ngakhale pang'ono, koma chipere chimapatsirana, ndipo n'chifukwa chake kusiyanitsa ziwirizi kumateteza banja lonse.

Mankhwala amene amapha

Mphaka wa zilonda ndi dazi samvetsa chifundo anthu ambiri. Ena amamutaya kuthengo, ena amamunena kuti ndi wa afiti, ndipo ena, pofuna kumuthandiza, amamupha ndi mankhwala osayenera. Amvetsere bwino amene ali ndi mphaka.

Musamupake oyilo wakutha wa galimoto kapena palafini, pakuti mphaka amanyambita chilichonse chimene chili pa ubweya wake. Musamusambitse ndi dipi wa ng'ombe. Musamuthire mankhwala a nthata a agalu, chifukwa ambiri mwa iwo ali ndi permethrin, amene amanjenjemeretsa mphaka, kumugwetsa ngati wakhunyu, ngakhale kumupha. Koposa zonse, musamupatse paracetamol, amene timamudziwa ndi maina a Panado kapena Panadol. Chiwindi cha mphaka sichitha kuchotsa mankhwalawa m'thupi monga chimachitira cha munthu, ndipo m'bulu umodzi wokha ukhoza kumupha.

Akulu anati safunsa anadya phula. Pitani ku ofesi ya boma ya za ziweto kapena kwa dokotala wa ziweto amene ali pafupi, mukapemphe mankhwala a nthata olembedwa kuti ndi a amphaka. Muchapenso zofunda zake ndi madzi otentha ndi kusesa bwino pamene amagona, pakuti mazira ndi mphutsi za nthata zimakhala pansi. Muli komweko, funsani za katemera wa chiwewe, amene mphaka amamufuna monga galu.

Kuyesa kwa milungu 8

Tsono tinene kuti nthata zatha, mphere ndi chipere palibe, koma mphaka akudzikandabe. Tidziwa bwanji ngati ndi chakudya? Kunja kuli amalonda amene amati angathe kudziwa poyeza magazi, malovu kapena ubweya wa mphaka. Akatswiri anafufuza njira zimenezi napeza kuti ndi zosadalirika. Njira yotsimikizika ndi imodzi yokha, ndipo ili m'manja mwa mwini mphaka: kumuchotsera zakudya zonse zimene anazolowera, ndi kumupatsa nyama ya mtundu umodzi imene sanadyepo.

Sankhani nyamayo mosamala. Kwa mphaka amene wakulira pa kapenta, ng'ombe ndi nkhuku, nyama ya kalulu woweta kapena ya nkhumba ndi yoyenera. Mbuzi ndi nkhosa zili pa chibale ndi ng'ombe, monganso bakha ndi nkhanga zili pa chibale ndi nkhuku, ndipo thupi lowengedwa ndi chimodzi nthawi zina limakananso chinzake. Choncho mbuzi isankhidwe pokhapokha ngati mphakayo sadya za kubutchala ya ng'ombe. Nyamayo iphikidwe m'madzi okha mpaka kupsa, popanda mchere, mafuta, tomato kapena anyezi. Msuzi wake musataye, mumupatsire limodzi, pakuti zina zofunika m'thupi zimasungunukira momwemo. Mphaka wamkulu wolemera makilogalamu 3 kapena 4 amafuna nyama yophika ya magalamu 120 kufikira 150 pa tsiku, yogawidwa kawiri kapena katatu. Kwa madokotala a ziweto kumapezekanso chakudya cha m'mapaketi chimene mapuloteni ake anaphwanyidwa kukhala tizidutswa tating'ono kwambiri toti asilikali a m'thupi sangatizindikire. Chimagwira ntchito yomweyo, kungoti mtengo wake ndi wokwera.

Mphaka ndi nyama yamakani pa zakudya. Musasinthe tsiku limodzi. Sakanizani chatsopano ndi chakale kwa masiku 4 kapena 5, mukuchepetsa chakalecho, ndipo muyambe kuwerenga milungu kuchokera tsiku limene wadya chatsopano chokha. Akakana kudya masiku 2 athunthu, musapikisane naye poganiza kuti njala imugonjetsa. Mphaka wosadya, makamaka wonenepa, amadwala chiwindi msanga. Mubwezereni chimene amadya, mukafunse kwa dokotala.

Kuyesaku kutenge milungu 8. Akatswiri atatu aja anapezanso kuti amphaka oposa 8 mwa 10 owengedwa ndi chakudya amakhala atachira pofika mlungu wa 6, ndipo pofika mlungu wa 8 amaposa 9 mwa 10. Amene aleka pa mlungu wachiwiri n'kunena kuti sizikuthandiza, wataya nyama yake pachabe. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pa milungu yonseyi pakamwa pa mphaka pasalowe kanthu kena koma nyama ija ndi madzi. Apa ndi pamene ambiri amagwa. Mwana amamuponyera mutu wa kapenta pansi pa tebulo, agogo amamuthirira mkaka pomumvera chisoni, mnansi amamutayira mafupa, ndipo mwini wake mphakayo amapita kukasaka. Chotero banja lonse liuzidwe, anansi apemphedwe, ndipo mphaka asungidwe m'nyumba kapena m'chipinda, mutamuikira beseni la mchenga lodzithandiziramo. Kwa wamalonda wa ku Maramba izi zitanthauza kutenga mphaka kupita naye kunyumba, pakuti pamsika palibe angamuletse kutola. Makoswe akachuluka pa nthawiyi, tcherani misampha. Mankhwala a makoswe apeweni, chifukwa khoswe wodya poizoni amapatsira poizoniyo mphaka amene amudya.

Kuyabwa kukatha, ntchito sinathe. Mwina wachira chifukwa cha mankhwala a nthata aja kapena kusintha kwa nyengo. Kuti mutsimikize, mupatseninso chakudya chake chakale. Ngati ndicho chimamuwenga, kudzikanda kumabweranso, kawirikawiri pasanathe masiku 7. Pamenepo mubwezereni ku nyama yoyesera ija mpaka khungu litakhala bwino, kenaka muziwonjeza zakudya chimodzichimodzi, chilichonse kwa milungu 2: nkhuku payokha, ng'ombe payokha, kapenta payekha. Lembani pa kalendala chimene wadya ndi m'mene khungu lachitira. Chimene chadzutsa kuyabwa ndicho mdani wake, ndipo achisiye moyo wake wonse. Koma ngati milungu 8 yatha mosalakwitsa ndipo palibe kusintha, chakudya chilibe mlandu. Mwina akuwengedwa ndi fumbi la m'nyumba kapena mungu wa maluwa, ndipo dokotala ndiye angathandize.

Tikudziwa kuti kugulira mphaka nyama kwa miyezi iwiri ndi katundu wolemera pa banja limene lokha limadya nyama mwa apo ndi apo. Zam'kati monga mtima ndi mapapo a nyama yomweyo zimatsika mtengo ndipo zikhoza kusakanizidwa ndi mnofu. Amene sangathe ngakhale zimenezi ayambe ndi kuchotsa chakudya chimodzi chimene mphaka amadya kwambiri, monga nsomba za mtundu uliwonse, kwa milungu 8 yomweyo. Njira imeneyi siitsimikiza mokwanira, popeza mphaka akhoza kuwengedwa ndi zakudya ziwiri, komabe iposa kungoyang'ana. Ana a mphaka ndi mphaka wa bere kapena woyamwitsa asayesedwe popanda uphungu wa dokotala, chifukwa nyama yokha siiwakwanira.

Chakudya cha masiku onse

Mdani akadziwika, funso lotsala ndi lakuti mphaka azidya chiyani. Yankho liyambire pa chilengedwe chake. Galu akhoza kukhala ndi moyo pa nsima ndi zotsala, koma mphaka analengedwa kudya nyama. Mano ake 30 ndi obaya ndi odula, matumbo ake ndi aafupi, ndipo lilime lake silimva kutsekemera kwa shuga. Pali zofunika zina zimene thupi lake silitha kudzipangira mokwanira, ndipo amazipeza mu nyama basi.

Chimodzi mwa izo ndi taurine. M'chaka cha 1975 akatswiri a ku America anaonetsa kuti mphaka wosowa taurine amachita khungu pang'onopang'ono, ndipo mu 1987 Paul Pion ndi anzake a pa University of California ku Davis anapeza kuti kusowa komweko kumafooketsa mtima mpaka mphaka kufa. Taurine amapezeka wambiri mu mtima wa nyama, m'nsomba ndi mu mbewa zomwe mphaka amagwira. Mu nsima, nyemba ndi soya mulibe. Ndiye chifukwa chake mwini mphaka amene wapeza kuti nsomba imamuwenga asaganize kuti nsima ndi msuzi wa masamba zilowa m'malo. Nyama ya kalulu ili ndi taurine wochepa, choncho ndi yabwino poyesera koma isakhale yokhayokha kwa miyezi yambiri. Chakudya cha agalu cha m'mapaketi nachonso sichikwanira mphaka.

Chakudya chamtundu umodzi chili ndi ngozi zake ngakhale kwa mphaka wosawengedwa. Nsomba zina zaziwisi zimaononga vitamini B1 m'thupi, ndipo mphaka wozidya tsiku ndi tsiku amayamba kudzandira ndi kupinda khosi. Kuphika kumachotsa ngozi imeneyi. Nsomba za mafuta zikachuluka zimatupitsa mafuta a pansi pa khungu, mphaka n'kumalira akakhudzidwa. Kapenta wa ku Kariba nthawi zambiri amathiridwa mchere asanayanikidwe, choncho muziyamba mwamuviika m'madzi ndi kumuphika. Chiwindi ndi chabwino kachidutswa kamodzi kapena kawiri pa mlungu, koma cha tsiku ndi tsiku chimaumitsa mafupa a khosi ndi msana kaamba ka kuchuluka kwa vitamini A. Mnofu wopanda fupa ulibe kashiyamu wokwanira, ndipo ana a mphaka oleredwa pa mnofu wokha amakhala ndi mafupa ofewa. Kwa mphaka wosawengedwa ndi mazira, zikamba za mazira owiritsa zosinjidwa kukhala ufa zimathandiza, theka la supuni yaing'ono pa theka la kilogalamu ya nyama. Mafupa ophika a nkhuku asapatsidwe, pakuti amathetheka n'kubaya. Ndipo msuzi wa ndiwo zathu ukhale wathu, chifukwa anyezi ndi adyo zimaononga magazi a mphaka.

Chotero mbale yabwino ikhale ya nyama za mitundu iwiri kapena itatu zimene mwaona kuti sizimuwenga, zophikidwa popanda zokometsera, pamodzi ndi mtima, chiwindi pang'ono ndi chopatsa kashiyamu. Nsima kapena mbatata ikhale yochepa, yongowonjezera. Madzi oyera akhalepo nthawi zonse, ndipo zotsala m'mbale zisagone pa kutentha.

Amene mumagula chakudya cha amphaka m'masitolo, musakhulupirire chithunzi cha pa paketi. Paketi yojambulidwa nkhuku ikhoza kukhala ndi ufa wa nsomba kapena zotsala za ng'ombe. Tembenuzani, muwerenge mndandanda wa zimene zaikidwamo, ndipo ngati alemba kuti muli nyama osatchula mtundu wake, musamugulire mphaka wowengedwa. Musakopekenso ndi mawu akuti mulibe chimanga kapena tirigu, pakuti taona kale kuti nyama ndi nsomba ndizo zimawenga amphaka ambiri kuposa mbewu.

Mawu otsiriza

Omvera athu, tiyeni tikumbutsane mwachidule. Mphaka akamadzikanda, yambani ndi nthata, mphere ndi chipere, ndipo mankhwala ake achokere kwa odziwa za ziweto. Zimenezi zikalephera, kayikirani chakudya chimene wazolowera, mumuyese ndi nyama imodzi yachilendo kwa milungu 8, kenaka mutsimikize pomubwezera chakale. Mukapeza chomuwenga, chichotseni, koma m'malo mwake muikemo nyama ina.

Kuwengedwa ndi chakudya sikuchizika ndi jekeseni, koma mphaka amene wachotseredwa chomuwenga amamera ubweya, zilonda zimapola, ndipo amabwerera ku ntchito yake yolondera matumba ndi nkhokwe kwa zaka zambiri. Mphaka wotere sayenera kutayidwa kuthengo chifukwa cha vuto limene mankhwala ake ndi kusintha mbale.